Furler ikakana kukulunga thanga muli pakati pa nyanja

Anthu kuno ku Chipata akamva kuti tili ndi boti la thanga amaseka, ati mumaliyendetsa pa damu la Lutembwe kapena? Ayi, lili ku Senga Bay. Timalisunga anthu atatu, ine, achimwene anga ndi mlamu wathu, boti lakale la mafiti 28 limene tinagula kwa munthu amene linamutopetsa. Kuchoka kuno kudutsa pa Mwami, Mchinji, Lilongwe mpaka Salima ndi ulendo wa tsiku limodzi losatopetsa, pomwe Kariba ikufuna mudutse kaye Lusaka, makilomita oposa 550 musanayambe n'komwe kuganiza za Siavonga. So nyanja yathu ife akummawa ndi ya Malawi basi.

Vuto limene latidyera maulendo ambiri ndi la furler, kachipangizo kokulunga thanga lakutsogolo lija amati genoa. Amene simunaione, ndi paipi ya aluminiyamu, amaitcha foil, imene imavala waya wogwira mlongoti kutsogolo, forestay. Pansi pali dramu yokulungapo chingwe, kumwamba kuli swivel imene imakwera ndi mutu wa thanga. Mukakoka chingwe muli kumbuyo dramu imazungulira, foil imazungulira, thanga limakulungika ngati mphasa. Ikamagwira bwino ndi chinthu chokoma, olo mwana amakwanitsa. Koma imasankha tsiku lokana, ndipo tsiku lake ndi lija mwera wayamba kuwomba mwamphamvu, thanga likuphupha ngati likufuna kung'ambika, aliyense m'boti akukuwa zake.

Choyamba, ndipo apa ndiye ndikakamire: chingwe cha furler chikalimba musachiike pa winchi, chipangizo chopukusa chokokera zingwe. Ife tinachita zimenezo chaka choyamba. Mlamu anati ndi mphepo chabe yachuluka, anakulunga chingwe pa winchi n'kuyamba kupukusa, chinabwera pang'ono, kenako tinamva kaphokoso kumwamba ngati munthu wathyola ndodo ya nsungwi. Titatsitsa mlongoti patapita masabata tinapeza waya wa forestay wamasuka kumutu, tingwe take tatukumuka ngati chisa cha mbalame, tiwiri taduka. Waya ameneyo ndi wa 1x19, tingwe 19 topotedwa pamodzi, ndipo akapotedwa mobwerera amamasuka. Akanaduka yense mlongoti ukanagwera kumbuyo, pamene tinakhala ifeyo. Pa boti la msinkhu wathu chingwe chimenechi chimayenera kubwera ndi manja. Chikakana ndiye kuti china chake chagwira, ndipo winchi imangothyola chimene chagwiracho.

Manje chagwira n'chiyani? Mverani m'manja mwanu. Ngati mukakoka chingwe chikubwera pang'ono kenako n'kubwerera ngati mphira, yang'anani kumwamba. Nthawi zambiri ndi halyard, chingwe chokwezera thanga, yazungulira foil. Swivel ili ndi mbali ziwiri, yapansi imazungulira ndi thanga, yapamwamba imayenera kukhala chilili itagwidwa ndi halyard. Mbali yapamwambayo ikayamba kuzungulira nayo, halyard imakulungika pa foil ndipo zonse zimaima. Tengani mabainokyula, kapena foni muchite zoom, muona chingwe chitapota pamwamba pa swivel. Masulani pobweza, tambasulani thanga lonse, limbitsani halyard pang'ono ngati inali yolendewera, muyesenso pang'onopang'ono wina akuyang'ana kumwamba.

Koma kumasula tsiku limenelo si kuthetsa. Chifukwa chenicheni chimakhala chimodzi mwa ziwiri, ndipo kawirikawiri zimabwera limodzi. Mwina swivel ili pansi kwambiri chifukwa thanga ndi lalifupi kuposa foil, ndiye pamatsala halyard yaitali yopanda chochita imene ingazungulire mosavuta. Kapena halyard ikuyenda mondondozana ndi forestay ngati njanji, m'malo mokokera kumbuyo ku mlongoti. Opanga ma furler ambiri amafuna halyard ipatuke pa forestay ndi madigiri cha m'ma 7 mpaka 10. Yathu inali pafupifupi ziro. Mankhwala a thanga lalifupi ndi kachingwe kowonjezera, pennant, ka Dyneema kapena ka waya, kamene mumaika pakati pa mutu wa thanga ndi swivel kuti swivel ikwere mpaka pafupi ndi mapeto a foil, patsale ngati chikhatho chabe, isagunde kumapeto. Ena amakaika pansi kuti thanga lonse likwere aziona bwino kutsogolo, zimathekanso, koma thanga likakwera boti limapendekeka kwambiri mphepo ikakula, ine ndimakonda kumutu. Mankhwala a madigiri ndi kachitsulo kotchedwa halyard restrainer, kamakhomedwa pa mlongoti pansi pang'ono pa wilo la halyard kuti chingwe chizidutsamo n'kukokera kumbuyo. Ndi kakang'ono, kamakwana m'thumba la shati, koma ndi kamene kanathetsa nkhani yathu. Ingodziwani kuti kamadya chingwe, ndiye chaka chilichonse yang'anani pamene halyard imakhudza, mudule mbali yodyekayo.

Pali china chimene chimanamiza anthu. Halyard ya spinnaker, thanga lina lopepuka lakutsogolo, kapena chingwe china chilichonse chosagwira ntchito, mukachimangirira kutsogolo pafupi ndi forestay chili cholendewera, thanga limachitola pokulungika. Zizindikiro zake n'zofanana ndendende. Chibwezeni ku mlongoti, chimangeni molimba, basi.

Ngati chingwe sichikubwerera ngati mphira koma changouma gwa, pitani ku dramu. Mupeza chingwe chakwerana chokha, china chalowa pansi pa chinzake. Izi zimayamba nthawi yotambasula, osati yokulunga. Munthu amangosiya chingwe, mphepo n'kulikwatula thanga lonse kamodzi, dramu n'kuzungulira mothamanga kumeza chingwe cholendewera. Ndiye pofuna kukulunga mukukoka pa chisokonezo. Potambasula gwirani chingwe chizipita mokaniza pang'ono, kuchizunguliza kamodzi pa winchi kapena pa cleat, kachitsulo komangirapo chingwe, n'kumachilola pang'onopang'ono. Achimwene anga mpaka lero amaiwala, ndiye chingwe chimenecho ndinawalanda, iwo agwire chiwongolero.

Onaninso mmene chingwe chikulowera mu dramu. Kawilo koyamba kotsogolera chingwe kayenera kukhala poti chingwe chilowe pa madigiri 90 ndi forestay, cholunjika pakati pa dramu. Kakakwera, chingwe chimaunjikana pamwamba, kakatsika chimaunjikana pansi, ndipo kusuntha kawiloko masentimita awiri atatu pa chitsulo chake kumasintha zonse. Kunenepa kwa chingwe nakonso. Ife tinapezapo cha 10 mm chimene mwini wakale anaika poti n'chokoma m'manja, koma chimadzaza dramu thanga lisanatambasuke lonse n'kuyamba kukhula m'mbali. Tinabwerera ku 8 mm. Ndipo thanga likakulungidwa lonse, zingwe zake za sheet, zokokera kona yakumbuyo ya thanga, zitazungulira kawiri pamwamba, pa dramu pazitsalabe mizere iwiri kapena itatu. Chifukwa mu mphepo yamphamvu thanga limakulungika mothina, limafuna kuzungulira kambiri kuposa tsiku la bata, ndiye chingwe chimatha kakona ka thanga kadakali panja kakuphupha. Zimenezi mumakonza muli pa nangula: masulani ma sheet, zungulizani foil ndi manja kuwonjezera mizere, mangaminso.

Nanga ikamazungulira koma molemera, ngati mukukoka ngolo yopanda mafuta? Yambani ndi zaulere. Masulani halyard pang'ono, halyard yothina kwambiri imapanikiza mabering'i a swivel ndi dramu. Masulani sheet mokwanira, anthu ambiri amalimbana ndi sheet yawo yomwe osadziwa. Limbitsani backstay, waya wogwira mlongoti kumbuyo, chifukwa forestay yolendewera imapangitsa foil kupindika ngati uta, ndipo chinthu chopindika kuchizunguliza n'kovuta. Tembenuzani boti mphepo izichokera chakumbuyo kuti thanga la kumbuyo kwa mlongoti liphimbe lakutsogolo, mudabwa mmene chimapepukira.

Zikakanika zonsezo ndiye mabering'i. Anthu amati nyanja yathu ilibe mchere ndiye palibe chosamala, bodza. Tili ndi fumbi la chilimwe, tili ndi akangaude, tili ndi nkhungu zija zimatuluka m'madzi ngati utsi n'kumatirira paliponse, ndipo ife tinapezamo chisa cha dothi cha mavu mkati mwa dramu boti litakhala miyezi itatu osayenda. Amalume amene amatiyang'anira boti ku Senga Bay ndi amene anachiona, anati "ana anga, makina anuwa ali ndi alendi." Apa samalani, musangothira girisi poti ndi zimene timachita pa njinga. Ma furler ena, monga a Harken, ali ndi timipira ta pulasitiki yolimba ya Torlon tokhala poyera, timafuna kutsukidwa ndi madzi ndi sopo pang'ono, girisi amangokola fumbi n'kupanga phala. A Furlex, opangidwa ndi Seldén ya ku Sweden, ali ndi mabering'i achitsulo ofuna girisi pamalo amene buku lake limasonyeza. A Profurl a ku France ambiri ndi otsekedwa ndi girisi wake mkati, simuwatsegula chisawawa. Dziwani kaye yanu ndi iti, mabuku ake ali pa intaneti. Poyesa, tsitsani thanga, zungulizani swivel ndi dramu ndi dzanja, kenako mukokere swivel mwamphamvu uku mukuzunguliza, chifukwa yakufa imatha kuzungulira bwino yopanda katundu.

Thanga lili pansi choncho yang'anani m'mphepete mwake molowa mu foil. Mukaona timadontho takuda totalikirana mofanana, ndiye kuti mfundo za foil zamasuka, zidutswa zikukhulana n'kutulutsa fumbi la aluminiyamu. Tizomangira take tikatuluka timatseka njira ya swivel, thanga osatsika, ndiye limbitsani msanga ndi Loctite, guluu wogwira tizomangira.

Tsiku loti yakaniratu, thanga theka lili panja, mphepo ikukula, dzuwa likulowa. Pezani malo otakasuka, tembenukirani kumene mphepo ikupita, munthu mmodzi apite kutsogolo atavala jekete yoyandama ndiponso atadzimangirira. Ngati vuto ndi dramu, chotsani chingwe chonse pa dramu muzungulize ndi manja, kukulunga kapena kutambasula lonse kuti mulitsitse. Thanga silitsika likadali lokulungika olo kamodzi, musataye nthawi kulikoka. Ngati foil yakana kuzungulira konse, masulani ma sheet muzizunguliza thangalo pa forestay ndi manja, kapena lizani injini muyendetse boti mozungulira kuti lidzikulunge lokha, koma zingwe zonse zikhale m'boti kaye, chimodzi chikagwera m'madzi chikulunga propela ndiye mwakhala ndi mavuto awiri. Likakulungika limangeni ndi chingwe china, zokonza mawa.

Tsopano za kugula, chifukwa vuto lathu la halyard linabadwira pogula. Thanga loyamba tinaitanitsa kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, wotchipa, amene anangofunsa mtundu wa boti n'kunena kuti miyeso ali nayo kale mu kompyuta. Ife osangalala kuti ntchito yachepa. Litafika linali lalifupi pafupifupi theka la mita, ndipo tepi yake ya m'mphepete inali yonenepa, kulikweza mu foil mpaka anthu awiri ndi sopo. Miyeso ya mu kompyuta ndi ya boti lotuluka ku fakitale, pomwe lathu lili ndi zaka zambiri, mlongoti unakonzedwapo, furler inaikidwa pambuyo. Kubweza thanga kuchokera kuno? Ndalama ya kutumiza yokha inatiletsa.

Ndiye muyeso wanga wa wosoka matanga ndi uwu, amene sakukuvutitsani ndi mafunso musamupatse ndalama. Wabwino amakutumizirani fomu ya miyeso ndipo amafuna zithunzi. Afuna I, kutalika kuchokera pa deki mpaka pamene forestay yagwira mlongoti, ndi J, kuchokera pa mlongoti mpaka pamene forestay yagwira kutsogolo. Koma wofunika kwambiri ndi uwu: mangani tepi yoyezera pa shako ya swivel, kachitsulo kokolekapo mutu wa thanga, mangaponso kachingwe kobwezera pansi, kwezani mpaka pamwamba, yezani mpaka pa shako ya dramu. Wosoka achotsapo pang'ono poti nsalu imatamuka. Yezani kawiri, masiku awiri osiyana, ndi tepi yosatamuka, osati chingwe cha nayiloni choyanikira zovala. Afunanso malo a njanji ya sheet pa deki, mtundu wa furler ndi saizi ya tepi yolowa mu foil. Matepi amenewa ali ndi manambala, nambala 5 ndi pafupifupi 4 mm, nambala 6 pafupifupi 5 mm, kusiyana kochepa koma n'kumene kunatipangitsa kugwira sopo.

Muuzeninso mbali imene thanga limakulungikira, chifukwa nsalu yoteteza dzuwa imasokedwa mbali imodzi, m'mphepete mwakumbuyo ndi mwapansi, ndipo iyenera kukhala kunja thanga likakulungidwa. Ikabwera mbali yolakwika si maliro, mumangochotsa chingwe pa dramu n'kuchikulunga mobwerera. Koma musasiye choncho, dzuwa la mu Okutobala kunyanja limapsereza Dacron, nsalu ya thanga, yosaphimbidwa mpaka kung'ambika ndi chala. Ine ndimasankha nsalu yoteteza ya akiriliki ngati Sunbrella, yolemera koma yokhalitsa, ndipo funsani ulusi. Ulusi wamba umafa nsalu idakali moyo, mupeza nsalu yoteteza ikulendewera ngati mbendera, pomwe wa PTFE, monga Tenara, dzuwa siliudya. Mtengo umakwera, koma ife amene wosoka matanga ali kutali ndi ndege, ndalama imeneyo ndi yabwino kulipira. Funsaninso dzina la nsalu yeniyeniyo ndi kulemera kwake. Opanga nsalu za matanga odziwika ndi ochepa, Dimension-Polyant, Contender, Challenge, Bainbridge, ndipo wosoka woona mtima amalemba pa kotesheni kampani, mtundu ndi ma oz. Akangolemba kuti Dacron yapamwamba, funsaninso, akazemba musiyeni.

Za kukula kwa thanga tinakangana m'banja mpaka alamu anakwiya. Iwo amafuna 150%, ati masiku a bata tiziyenda. Nambala imeneyi ndi kufupika kapena kutalika kwa thanga kuchokera ku forestay mpaka kukona ya sheet poyerekeza ndi J. Zoona, lalikulu limakoka bwino mphepo ikachepa. Koma ife timapita kunyanja kwambiri nthawi yozizira, Juni mpaka Ogasiti, nthawi ya mwera, ndipo thanga lalikulu mukalikulunga kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu limasanduka thumba, pakati pamatukumuka, boti limangopendekeka osapita kumene mphepo ikuchokera. Tinagwirizana 120%, nsalu ya cha m'ma 7 oz, ndi thovu losokerera kutsogolo kwa thanga, foam luff, limene limameza mimba ya thanga mukamakulunga. Tinapemphanso timizere tosonyeza pofikira pochepetsa thanga, kuti tizidziwa posunthira kawilo ka sheet kutsogolo. Alamu manje amanena kuti anali maganizo awo.

Kogula kwenikweni, kufupi kwathu ndi South Africa. Ku Cape Town kuli malo osokera a North Sails ndi Ullman Sails, ndi ena ang'onoang'ono, mumalankhulana pa WhatsApp nthawi yofanana ndi yathu, ndipo katundu amatha kubwera pamsewu. Kutali kuli monga Rolly Tasker ku Phuket, Thailand, amene amatumiza matanga maiko ambiri. Sindikuuzani uyu kapena uyo, tumizani miyeso yofanana kwa atatu, muyerekeze mzere ndi mzere, chifukwa wotchipa nthawi zina wachotsamo thovu, nsalu yoteteza ndi thumba lomwe. Funsani kuti likapanda kukwana alipira ndani kukonza. Ndipo werengerani mtengo wofika m'manja, kutumiza ndi msonkho zili momwemo. Apa ife a Chipata tiganize bwino: boti lili ku Malawi, ndiye kutumiza thanga ku Zambia n'kukambirana ndi ZRA, kenako kuliwolotsa pa Mwami n'kukambirananso ndi MRA, n'kudzipangira ntchito kawiri. Thanga lachiwiri tinalilembera adiresi ya ku Lilongwe. Funsani kaye ejenti wa kasitomu musanalipire dipoziti, malamulo ndi mitengo zimasintha.

Furler yatsopano gulani pokhapokha foil yapindika, mabering'i afa ndipo masipeya ake sakupezekanso. Zambiri zimene anthu amataya zinali zofuna restrainer ndi madzi a sopo chabe. Mukafika pogula, saizi imatengera kunenepa kwa waya wa forestay, kutalika kwake ndi pini yapansi, osati kutalika kwa boti kokha. Wathu ndi 6 mm. Mayina ndi omwe aja, Harken, Furlex, Profurl, kuwonjezapo Facnor ndi Schaefer, onse amagwira ntchito akaikidwa bwino, ndiye funso langa limakhala lakuti ndani angandipezere swivel kapena kachidutswa kolumikizira foil kuchokera ku South Africa osadikira miyezi. Foil imabwera m'zidutswa za mamita awiri kapena kupitirira pang'ono, uzani wonyamula asaziike pansi pa matumba a simenti. Kwa maboti ang'onoang'ono kuli CDI ya ku America, foil yake ndi ya pulasitiki, imabwera yokulungidwa ndipo ili ndi halyard yakeyake mkati, ndiye vuto la kuzungulira lija kulibe, kungoti kulimbitsa thanga muli paulendo n'kovuta, komanso ikafika muiwongole msanga isazolowere kupindika.

Posintha furler sinthaninso waya, musaveke foil yatsopano pa waya wakale amene simudzamuonanso kwa zaka. Furlex imabwera ndi waya wake mu bokosi, ena mumagula padera. Kuno kulibe makina ofinyira mitu ya waya, ndiye pemphani mutu womanga ndi sipanala monga Sta-Lok, ndipo gulani tikoni take tiwiri towonjezera chifukwa koyamba mulakwitsa, ife tinalakwitsa. Kumwamba ndi pansi kukhale toggle, kachitsulo kolola waya kugwedezeka mbali zonse, popanda iko waya amathyokera pa mutu. Musanachotse forestay mangani ma halyard awiri kutsogolo agwire mlongoti, ndipo ntchitoyi ichitike m'mawa kwambiri nyanja ili phee. Pansi pa dramu yalani chitenje chakale kapena mangani ambulera yotembenuza. Ife kasikuluwu kamodzi kanadumphira m'madzi, amalume anamira katatu osakapeza, tinadikira milungu isanu kuti kena kafike.